Maseŵero a Softball: Amuna ndi Akazi M'timu Imodzi

M'mizinda yambiri ya ku United States of America ndi ku Canada, nyengo yozizira ikatha ndipo chipale chofeŵa chikasungunuka, anthu amayamba kusonkhana m'mabwalo a maseŵero madzulo akaŵeruka ku ntchito. Pamakhala aphunzitsi, anamwino, amakaniko, alembi a m'maofesi ndiponso anthu a mpingo umodzi. Ena ndi achinyamata, ena imvi zili mbuu. Onseŵa amabwera kudzaseŵera mpira wotchedwa softball. Salandira malipiro ayi. Iwo eni ndiwo amasonkha ndalama zolipira bwalo ndi woimbira maseŵero, pakuti cholinga chawo ndi kusangalala ndi kulimbitsa thupi.

Chochititsa chidwi ndi chakuti m'maligi ambiri otere amuna ndi akazi amaseŵera m'timu imodzi. Kodi zimatheka bwanji kuti mnyamata wadzitho ndi mayi amene wangoyamba kumene aseŵere pamodzi popanda wina kuponderezedwa kapena kuvulala? Yankho lake lili m'malamulo a maseŵeroŵa.

Chiyambi Chake

Softball idayambira mumzinda wa Chicago m'mwezi wa Novembala chaka cha 1887. Pa tsiku la chikondwerero chotchedwa Thanksgiving, anyamata ena adasonkhana m'nyumba ya kalabu ya Farragut Boat Club kudikira zotsatira za mpira wa pakati pa sukulu zaukachenjede za Harvard ndi Yale. Atamva kuti Yale yapambana, mmodzi adatola golovesi ya nkhonya naponyera mnzake mwanthabwala. Mnzakeyo adaibweza poimenya ndi kamtengo. George Hancock ataona zimenezi, adamanga golovesiyo ndi zingwe zake kuti ikhale ngati mpira, adajambula bwalo pansi ndi choko, ndipo mpini wa tsache udasanduka ndodo yomenyera.

Maseŵeroŵa sadachedwe kutuluka panja. Mu 1895 Lewis Rober wa ku Minneapolis adayamba kuseŵeretsa anzake ozimitsa moto kuti matupi awo asafooke podikira ntchito. Dzina lakuti softball adalipereka ndi Walter Hakanson wa ku Denver mu 1926. Mu 1933 kudakhazikitsidwa bungwe la Amateur Softball Association limene lidasonkhanitsa malamulo pamodzi. Kuyambira mu 2017 bungweli limatchedwa USA Softball, ndipo likulu lake lili ku Oklahoma City. Softball ya akazi idaloŵa m'maseŵero a Olympic kwa nthaŵi yoyamba ku Atlanta mu 1996. Mu Africa muno imaseŵeredwanso m'maiko monga Botswana ndi South Africa.

Bwalo ndi Kaseŵeredwe

Pabwalo pamakhala malo anayi oimapo otchedwa mabesi, oikidwa pa ngodya zinayi zofanana. Kuchokera pa besi ina kufika pa inzake pali mamita 20 kapena 21. Besi yoyambira ulendo ndiyonso yomalizira, ndipo ndiyo besi ya pakhomo. Woponya mpira amaima pakati, mamita 15 kuchokera pakhomopo. Ngakhale dzina lake m'Chingerezi limatanthauza mpira wofeŵa, mpirawo ndi wouma gwa, ndipo kukula kwake kuli ngati dzaye.

Pali mitundu iŵiri ya softball. Mu mtundu woyamba, umene umaseŵeredwa ku Olympic, mpira umaponyedwa mwaliŵiro kwambiri. Mu mtundu wachiŵiri, umene maligi ongosangalala amakonda, mpira umaponyedwa pang'onopang'ono. Woponya amatsitsa mkono, namasula mpirawo kuchokera m'munsi kuti ukwere ndi kutsika mokhota ngati uta. Malamulo a USA Softball amati mpirawo ukwere mamita osachepera 1.8. Mpira wotere ndi wosavuta kuumenya, motero aliyense amakhala ndi mwayi.

Timu imodzi imamenya, inzake imamwazikana pabwalo ndi oseŵera 10 ovala magolovesi. Womenya akaumenya mpira amataya ndodo nathamangira ku besi yoyamba. Akazungulira mabesi onse ndi kubwerera pakhomo, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Amatuluka ngati mpira wake wawakhidwa usadagwe pansi, ngati mpira wafika pa besi yoyamba iye asadafike, kapena ngati akhudzidwa ndi mpira ali pakati pa mabesi. Amatulukanso akaphonya katatu. Kulekerera mpira woponyedwa bwino, kapena kuumenyera kunja kwa mizere ya bwalo, kumaŵerengedwanso ngati kuphonya. Koma woponya akaponya mipira yoipa inayi, womenyayo amangoyenda kupita pa besi yoyamba mwaulere. Anthu atatu akatuluka, matimu amasinthana. Matimu onse aŵiri akamenya, ndime imodzi yatha, ndipo maseŵero athunthu ali ndi ndime 7.

Malamulo Osunga Chilungamo

Mwa oseŵera 10 a pabwalo, 5 amakhala amuna ndipo 5 akazi. Malamulo a USA Softball amanenanso malo awo. Woponya akakhala mwamuna, wowakha kumbuyo kwa womenya akhale mkazi. Woponya akakhala mkazi, wowakha akhale mwamuna. Pafupi ndi mabesi pamaima amuna aŵiri ndi akazi aŵiri, ndipo kutali kumapeto kwa bwalo chimodzimodzinso. Popanda lamulo limeneli timu ikadatha kuika amuna okhaokha pamene mpira umagwa kaŵirikaŵiri, akazi nkuwakankhira kumene mpira sufika.

Pomenya amatsatana mosinthana: mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi. Timu ikapereŵera mkazi mmodzi, maligi ambiri salola kuti mwamuna aloŵe m'malo mwake. Nthaŵi yake yomenya ikakwana, amangoŵerenga kuti munthu mmodzi watuluka. Chotero timu iliyonse imasamala oseŵera ake aakazi, podziŵa kuti popanda iwo palibe chimene ingapindule. Mipiranso imasiyana. Amuna amamenya mpira wa masentimita 30 pouzungulira, pamene akazi amamenya wa masentimita 28, umene ndi wopepuka ndipo umapita patali.

Lamulo lina lidaikidwa pofuna kuthetsa chinyengo. Mwachitsanzo, timu ya aphunzitsi ikutsogola ndi chigoli chimodzi m'ndime yomaliza. Amene wagwira ndodo ku timu ya anamwino ndi mwamuna wodziŵika pomenya patali, ndipo wotsatira ndi mayi amene wayamba chaka chomwecho. Woponya wochenjera angaganize zoponya dala mipira yoipa inayi kuti mwamunayo angoyenda osamenya, iye nkulimbana ndi mayiyo. Malamulo adatseka mpata umenewu. Mwamuna akapatsidwa mipira yoipa inayi amapita mpaka pa besi yachiŵiri, ndipo ngati anthu aŵiri atuluka kale, mayi wotsatirayo ali ndi ufulu wosankha kumenya kapena kuyenda kupita pa besi yoyamba. Motero kuchenjera kuja kumamutembenukira mwini wake.

M'maligi ambiri amajambulanso mzere wokhota kumapeto kwa bwalo. Mkazi akamamenya, oseŵera akutali saloledwa kuudumpha mzerewo kufikira mpira utamenyedwa. Izi zimaletsa oseŵera kuunjikana pafupi ndi kumutsekera njira zonse. Amuna amphamvu nawonso ali ndi malire awo. Maligi ambiri amaika chiŵerengero cha mipira imene timu ingamenye kudumphitsa mpanda. Chikakwana, wodumphitsanso mpira amatuluka.

Malamulo Opeŵa Ngozi

Oseŵera onseŵa amayenera kudzuka m'maŵa kupita ku ntchito. Wothyoka mwendo Lachitatu madzulo amasoŵetsa mtendere banja lake lonse. N'chifukwa chake malamulo ambiri amateteza thupi. Nsapato zokhala ndi zitsulo kuphazi ndi zoletsedwa. Ndodo ziyenera kukhala ndi chidindo cha bungwe, chifukwa ndodo zina zimatulutsa mpira mwaliŵiro loopsa kwa woponya, amene amaima pafupi. Wothamanga sachoka pa besi mpira usadafike pakhomo kapena usadamenyedwe.

Besi yoyamba kaŵirikaŵiri imakhala yophatikiza iŵiri, ina yoyera, ina yofiirira ngati lalanje. Woyembekeza mpira amaponda yoyera, wothamanga amaponda inayo, kuti asawombane. M'maligi ena muli mzere pakati pa besi yachitatu ndi pakhomo. Wothamanga akaudutsa sangabwererenso, ndipo wowakha safunika kumukhudza. Amangoponda besi ya pakhomo mpira uli m'manja. Wogunda mnzake mwadala amatulutsidwa m'maseŵero. Mphezi ikang'anima kapena bingu likagunda, woimbira amaimitsa maseŵero, ndipo anthu amadikira mphindi 30 asadabwerere pabwalo.

Kayendetsedwe ka Ligi

Maligi ambiri amayendetsedwa ndi nthambi ya mzinda yoyang'anira mapaki ndi zosangalatsa, ena ndi mipingo kapena makampani. Nyengo isadayambe, mtsogoleri wa timu amapereka ndalama zolembetsera pamodzi ndi mndandanda wa maina a oseŵera. Woseŵera aliyense amasaina chikalata chovomereza kuti akudziŵa zakuti pamaseŵero pangachitike ngozi. Timu ikaseŵeretsa munthu wosalembedwa, imalandidwa chipambano chake. Atsogoleri a matimu amaitanidwa ku msonkhano kumene amalandira buku la malamulo a ligiyo, pakuti ligi iliyonse imawonjezera malamulo akeake. Mtsogoleri wosaŵerenga bukulo amadzaona zakuda, paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Nthaŵi imasungidwa kwambiri chifukwa matimu angapo amagwiritsa ntchito bwalo limodzi usiku umodzi. Maseŵero amodzi amatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo nthaŵi ikatha ndime yatsopano siyambika. Pofuna kufulumizitsa zinthu, maligi ambiri amaŵerenga kuti womenya akamafika waphonya kale kamodzi ndipo walandira kale mpira woipa umodzi. Timu yolephera kusonkhanitsa oseŵera okwanira pa nthaŵi yake imagonja osaseŵera, ndipo m'buku amalemba kuti yagonja ndi zigoli 7 kwa 0. Timu ina ikatsogola kwambiri, monga ndi zigoli 10 patatha ndime 5, maseŵero amathera pomwepo kuti ogonjawo asachite manyazi opitirira.

Pakabuka mkangano, mtsogoleri wa timu yekha ndiye amalankhula ndi woimbira. Woimbira akanena kuti wothamanga wachedwa kufika pa besi, mawu akewo ndi omaliza. Koma ngati walakwitsa tanthauzo la lamulo, mtsogoleriyo angathe kudandaula nthaŵi yomweyo mpira wina usadaponyedwe, ndipo pambuyo pake amalemba kalata kwa oyendetsa ligi. Wotukwana kapena woyamba ndewu amachotsedwa pabwalo, ndipo kaŵirikaŵiri amaletsedwanso maseŵero otsatira. Nyengo ikamatha, matimu ochita bwino amapikisana kuti apeze katswiri, amene mphoto yake nthaŵi zambiri imangokhala chikho kapena malaya.

Maseŵero akatha, matimu aŵiriwo amandanda mizere napatsana moni wa m'manja, opambana ndi ogonja omwe. Malamulo aŵa sadaikidwe kuti achepetse chisangalalo. Adaikidwa kuti wamphamvu asadye yekha, wofooka asakhale woonerera, ndipo onse abwerere kwawo ali amphumphu. Timu yodalira munthu mmodzi siipita patali m'ligi yotere, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mawu Ofunika Kuwadziŵa

wadzitho: munthu wa thupi lolimba ndi lamphamvu
ligi: gulu la matimu opikisana mosinthana kwa nyengo yonse
mndandanda: maina kapena zinthu zolembedwa motsatana
chidindo: chizindikiro chosonyeza kuti chinthu ndi chovomerezeka
amphumphu: athunthu, opanda chovulala

Mafunso

1. Kodi softball idayambira mumzinda uti, ndipo m'chaka chiti?
2. Kodi George Hancock adapanga mpira woyamba ndi chiyani?
3. Tchulani njira zitatu zimene womenya angatulukire.
4. Kodi m'timu ya amuna ndi akazi anthu amatsatana bwanji pomenya?
5. Fotokozani chimene chimachitika mwamuna akapatsidwa mipira yoipa inayi. Kodi lamuloli lidaikidwa chifukwa chiyani?
6. N'chifukwa chiyani besi yoyamba imakhala yophatikiza iŵiri?
7. Kodi ndi dandaulo lotani limene oyendetsa ligi amalandira?
8. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti safunsa adadya phula.

Zochita

1. Pangani ziganizo zomveka bwino ndi mawu aŵa: mwanthabwala, kuponderezedwa, chilungamo, mkangano.
2. Jambulani bwalo la softball, ndipo muonetse mabesi anayi ndi malo a woponya.
3. Sankhani maseŵero amodzi amene mumachita pasukulu panu. M'magulu a anyamata ndi atsikana, lembani malamulo asanu amene angathandize kuti onse aziseŵera pamodzi mwachilungamo.