Phunziro la Uphungu wa pa Lamya

M'chaka cha 1935, ku Lincoln m'dziko la England, mtumiki wina wa mpingo wa Anglican, dzina lake Chad Varah, anatumidwa kukaika maliro ake oyamba chilowere mu utumiki. Womwalirayo anali mtsikana wa zaka 14 amene anadzipha yekha. Anali atangotha msinkhu, ndipo poona magazi anayesa kuti wagwidwa ndi nthenda yochititsa manyazi. Popeza analibe womfunsa, anasankha imfa. Kwathu kuno namkungwi akadamkhazika pamphasa tsiku lomwelo namuuza kuti palibe choopsa, wangokula basi. Koma tisafulumire kudzitama, pakuti ngakhale m'midzi mwathu alimo anthu osenza nkhani zimene sangathe kuuza namkungwi, nkhoswe kapena mbale.

Imfa ya mwana uja sinachoke mumtima mwa Varah. M'chaka cha 1953, ali pa tchalitchi cha St Stephen Walbrook mu mzinda wa London, analengeza nambala ya lamya kuti aliyense wotopa ndi moyo aimbe. Ndimo munayambira bungwe la Samaritans. Tsono onani chimene chinachitika. Anthu anachuluka, ena nabwera okha kudzadikira pakhomo, ndipo akhristu wamba odzipereka ankawapatsa tiyi ndi kukhala nawo poyembekeza wansembe. Posakhalitsa kunaoneka kuti ambiri ankabwerera kwawo mitima ili pansi, wansembeyo osamuona n'komwe: anali atapeza kale wowamvera. Ife ansembe, amene tinaphunzitsidwa kulankhula zaka zambiri, nkhani imeneyi imatigwetsa nkhope pang'ono.

Lero ntchito yomweyo ichitika pa foni ya m'manja ndi pa intaneti. Munthu apangana tsiku ndi ora ndi phungu wophunzitsidwa, nalankhula naye pakamwa, kapena kulemberana pa WhatsApp, kapena kuonana nkhope pa kanema, mmodzi ali ku Mchinji wina ku Lilongwe.

Mwina mufunsa kuti, kodi ife tisowa chiyani, popeza tili ndi ankhoswe, akuluakulu a mpingo ndi miphakati? Taganizani za mayi amene mwamuna wake wamwalira. Pa siwa anthu anagona ochuluka, nyimbo zinaimbidwa usiku wonse, amayi anaphika. Patapita milungu itatu m'nyumba mwatsala iye ndi ana. Tulo sabwera, nsima siitsika, ndipo chimene chimvuta koposa ndi chakuti alamu ake ayamba kuwerenga malata ndi mbuzi. Akauze yani? Ankhoswe ndiwo abale a omwewo, ndipo akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Taganizaninso za bambo amene mwana wake wayamba chamba ndi kuba m'nyumba. Aopa kuti akanena kwa mnansi, mawa nkhani idzamveka ku chigayo. Ndiponso alipo ana athu a ku Johannesburg amene amamva za imfa ya mayi wawo pa foni, nalephera kufika pa maliro, nakalowa ntchito m'mawa mwake ngati palibe chachitika. Kwa anthu otere kutalika kwa phungu ndiko ubwino wake. Sadziwa mudzi, sadya nawo, sadzakumana nawo pa chitsime.

Phungu weniweni sachita monga ambiri ayesera. Salamula, ndipo sagamula mlandu. Chitsanzo chabwino chili ku Zimbabwe, kumene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench m'chaka cha 2006 ku Mbare, mu mzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala ndi kumvera anthu odwala chimene m'Chishona achitcha kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopitirira. Gogoyo ayamba ndi kumlola munthu kutula zonse, osamdula pakamwa. Kenaka amthandiza kuzitchula zovutazo chimodzichimodzi, kuti mwini wake asankhe chimodzi chokha choyamba nacho, ndi kupangana chimene adzachita asanakumanenso. Amakumana chotero kufikira kasanu ndi kamodzi. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene anthu analetsedwa kusonkhana, uphungu umenewu unayamba kuperekedwanso pa foni ndi pa WhatsApp. Nzeru yake ndi yakuti munthu wankhawa aona mavuto ake onse ngati mtolo umodzi wosanyamulika, koma akaumasula apeza kuti nkhuni zina angathe kuzitola lero lomwe. Mayi wamasiye uja sangabweze mwamuna wake, koma angathe kupita kwa amfumu za malata aja.

Komabe lamya ili ndi malire ake, ndipo muwadziwe bwino kuti mukawafotokozere anthu. Choyamba ndi chinsinsi. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ndipo uthenga wolembedwa usiku uwerengedwa m'mawa ndi yemwe akudandaulidwayo. Pamenepo mankhwala asanduka poizoni. Wolemba afafanize zimene walemba, kapena alankhule pakamwa ali payekha. Chachiwiri ndi anthu onyenga. Pa Facebook aliyense angathe kudzitcha phungu. Mufunseni kumene anaphunzira ndi bungwe limene agwirako ntchito. Amene ayamba ndi kupempha ndalama asanamve nkhani, amene alonjeza kuchotsa chisoni pa tsiku limodzi, amene afuna zithunzi kapena aletsa munthu kuuza abale ake kuti akulankhula naye, ameneyo mumthawe.

Chachitatu ndicho chachikulu. Phungu wa kutali amva mawu okha, saona kuti munthu waonda, kuti sasamba, kuti wagula mankhwala a mbewu pomwe alibe chimanga choti athiremo. Izi aziona ndinu amene mukhala naye pafupi. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino afe, akayamba kugawa katundu wake ndi kutsazika, kapena akamva mawu amene ena sawamva, nthawi ya foni yokha yatha. Musamsiye yekha, ndipo musaope kumfunsa poyera ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumpatsa maganizowo. Chotsani zingwe ndi mankhwala, nimupite naye ku chipatala cha boma tsiku lomwelo. Zipatala zosamalira matenda a maganizo ziliko, monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu. Pa nkhani za ana ozunzidwa pali nambala ya 116, imene munthu aimba osalipira.

Tsono inu akatekisiti, mlungu uno kumbukirani nyumba zimene munali maliro mwezi wathawu, nimupiteko tsopano pamene ena onse analeka. Musatenge mawu ambiri. Khalani pakhonde, funsani za tulo ndi za chakudya, ndipo namfedwa akakhala chete inunso khalani chete. Mukaona kuti pali nkhani imene achita nayo manyazi pamaso panu, musakhumudwe ndi kuikakamiza. Muuzeni kuti alipo aphungu a kutali osamdziwa, ndipo ngati alibe foni mubwerekeni yanu, inu mukakhale patsinde pa mtengo kufikira atatha.