Kwa Azakhali: Ndevu zonsezo, kuthawa bilimankhwe?

Zikomo Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 34, wa ana awiri. Galu wolusa sindimuopa, koma ndikangoona bilimankhwe mtima umathamanga, thukuta kamukamu. Tsiku lina tikupalira kumunda kwa apongozi ndinamuona pa phesi la chimanga. Ndinaponya khasu n'kuliyatsa liwiro, patapata kutsala pamzere. Alamu anga akundiseka mpaka lero. Mayi anga nawonso ankakuwa akamuona. Kodi ndinalodzedwa?

Wamanyazi, Dedza

Iwe Wamanyazi, mwana wa achimwene anga,

Ndaseka mpaka chitenje kumasuka. Kanyama koyenda ngati mkwatibwi polowa m'tchalitchi, iwe n'kumakathawa chonchi? Kakadati kakuthamangitse, bwenzi kakufika kumudzi utakolola kale!

Mfiti zisiye zipume. Mantha ako ali ndi dzina, achipatala amati phobia: mantha opyola muyeso pa chinthu chosaopsa kwenikweni. Bilimankhwe alibe ululu, ndiwo zake ndi ziwala ndi ntchentche. Mutu wako ukudziwa zimenezi, koma muubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamlonda kopupuluma, kamene kamaliza wezulo nzeru zisanadzuke.

Mantha otere amaphunziridwa. Mu 1920, ku Baltimore ku America, John Watson ndi Rosalie Rayner anaonetsa khanda lina, Albert, khoswe woyera. Mwanayo sanaope. Kenako akati amugwire khosweyo, iwo ankamenya chitsulo ndi hamala kumbuyo kwake. Posakhalitsa ankalira akangoona khoswe, ngakhalenso kalulu. Nkhanza zimenezo lero sangazilole, koma phunziro linatsala.

Ena sachita kudzidzimutsidwa, amangotengera. Wanena wekha kuti alamu anga, mayi ako, ankakuwa. Iwe uli kumbuyo pambereko unkamva msana wawo ukunjenjemera, basi sukulu inathera pomwepo. Ndiye mfiti ukuifunayo inakuyamwitsa, koma usakawauze kuti ndanena ndine.

Chimene chanenepetsa manthawa ndi liwiro lakolo. Ukathawa mtima umakhala pansi, ubongo n'kumati, "Ehe, tapulumuka chifukwa chothawa." Mawa mantha abwera atavala jekete.

Mankhwala ake ndi kuyandikira. Mu 1924 Mary Cover Jones anathandiza kamnyamata kotchedwa Peter, koopa kalulu. Mwana akudya chakudya chokonda, kalulu ankamuika patali m'chikwere, tsiku ndi tsiku kumusendeza, mpaka Peter anayamba kumusisita.

Nawenso tero. Yamba ndi chithunzi pafoni, uchiyang'ane mpaka mtima utsike wokha. Kenako kanema. Ukazolowera, kaime patali n'kumuyang'ana wamoyo, ukupuma mofatsa, osachoka mantha asanaphwe. Mawa sendera phazi limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma alamu akowo asayerekeze kukuponyera pakhosi ati kukuchiritsa, kumeneko n'kuthira mchere pabala. Zikakukanika, kapena mantha akayamba kukuletsa kumunda, pita kuchipatala cha boma ukaonane ndi anamwino oona za maganizo. Palibe chamanyazi pamenepo.

Ndipo ana akowo akuona. Ukapitiriza kukuwa pamaso pawo, banja lonse lidzakhala la othamanga. Katole khasu lako, ukatolenso patapata ija kwa apongozi.

Ndine Azakhali ako