Phunziro 9: Kugaŵa ndi Zotsala

Anzanga, anthu akamagaŵana zinthu, mkangano umayambira pa zotsala. Tiyeni tione samu iyi.

Alimi 4 asonkha ndalama mofanana nagula matumba 14 a feteleza. Kodi aliyense atenga angati?

14 ÷ 4 = 3, kutsala 2.

Aliyense watenga matumba 3. Nanga aŵiri otsalawo nga yani? Si a mlembi ai, ndiponso si a wapampando. Nga onse. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50, choncho aŵiriwo ndi makilogalamu 100. Ikani pa sikelo, aliyense alandire makilogalamu 25. Limeneli ndi theka la thumba, ndipo timalemba chonchi: ½. Tsono gawo la munthu mmodzi ndi matumba 3½.

Musanabalalike, tsimikizani samu yanu. 4 × 3 = 12. Phatikizani 2 otsala aja, akwana 14.

Kumbukirani: zotsala zisafike pa chiŵerengero cha ogaŵanawo. Zikafika, ndiye kuti aliyense angathe kutenganso limodzi.

Yesani izi:

1. Mabanja 4 agaŵana matumba 9 a chimanga. Banja lililonse lilandira zotani?
2. Ana 3 agaŵana mbuzi 7. Yotsalayo achite nayo bwanji? Kambiranani ndi anzanu.