Phunziro la Zaumoyo: Kachotupa ka m'Mapapo ndi Makina a MRI

Pa zaka zathu za unamwino tinaona anthu akuuzidwa kuti m'mapapo mwawo mwaoneka kachotupa, n'kupita kwawo ndi mantha osabweranso. Tisatero ayi.

Kachotupa kotere sikapitirira masentimita 3. Tizotupa tambiri si khansa. Tina ndi zipsera za TB imene inachira kale.

Makina a MRI anafika koyamba m'Malawi mu 2008, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Amajambula ndi maginito amphamvu, opanda cheza cha X-ray, choncho ngabwino kwa ana ndi odwala ojambulidwa kawirikawiri. Koma mapapo ngodzaza mpweya ndipo sakhala phee, motero kachotupa kang'ono ngati njere ya mapira kakhoza kubisala. N'chifukwa chake madokotala amadalira kwambiri CT scan.

Akatitumiza ku MRI, tivule ndolo ndi mphete, ndipo tinene ngati tili ndi chitsulo m'thupi. Phokoso la makinawo lisatiopse. Koposa zonse, tisunge tsiku lobwerera, kuti dokotala aone ngati kachotupako kakukula.

Tikambirane: ndani pakati pathu akuyembekezera tsiku lotere, ndipo adzam'perekeza ndani?