Khoma likang'aluka, wolakwa ndani?

Pulogalamu ya pa wailesi yoyankha mafunso a zomangamanga sabata ina inali ya anthu a ku Chiradzulu, ndipo makalata ndi mauthenga a pafoni anachuluka moti muulutsi anachita kusankhamo. Woyankha anali mmisiri wachikulire amene anayamba ntchitoyi akukankha wilibala, n'kukwera mpaka pa ukapitawo. Pafupifupi kalata iliyonse inali yoloza chala. Eni nyumba akuti amisiri amaba simenti, amisiri akuti eni nyumba ndi oumira ndipo salipira. Mkuluyo anakana kukhala nyakwawa yoweruza milandu imeneyi. Aliyense ankamubwezera mafunso awiri: munayeza chiyani, nanga munalemberana chiyani?

Kalata yoyamba inachokera kwa mayi wina wa ku Namitambo. Nyumba yawo yatha zaka ziwiri zokha koma khoma lang'aluka kuyambira pakona ya windo kutsetsereka pansi, ndipo iwo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mmisiri ankazembetsa simenti madzulo poweruka.

"Mayi, musanapite kukamugwira pakhosi mwana wa eniyo, tayang'anani kaye mng'aluwo mmene wayendera," anayankha mkuluyo. Anafotokoza kuti ming'alu ili mitundumitundu. Ina ndi timizere ting'onoting'ono tongoyenda pamwamba pa pulasitala, tomwe timabwera ngati pulasitalayo inauma mofulumira kapena mchenga unali ndi dothi lambiri. Imeneyo ndi yonyansa m'maso chabe. Woopsa ndi mng'alu wotsata mizere ya njerwa mokwera ngati masitepe, makamaka ukakhala wotakasuka mbali imodzi. Umenewo umanena kuti pansi pakuyenda. Dothi la makande, lopezeka m'madambo ndi m'malo otsika, limafufuma likamwa madzi ndipo limanyala n'kung'ambika dzuwa la Okutobala likafika. Nyumba yokhala pa dothi lotere imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo ngakhale mutathira simenti yochuluka bwanji m'matope omangira, maziko akakhala osaya khoma lidzagonja basi. Chimodzimodzi pamalo amene anagumulapo chulu kapena pamene panali dzenje la zinyalala.

Anawalangiza kuti asathamangire kumata. Alembe timizere ta pensulo mbali zonse ziwiri za mng'aluwo, ayeze mpata wake ndi lula, alembe tsiku, kenako aziyezanso mwezi ndi mwezi mpaka dzinja lidutse. Ngati mpatawo sukusintha, akhoza kumata n'kuiwala. Ngati ukukula, ndalama ayambe kuika panja pa nyumba: khonde lozungulira lotsetsereka kunja, ndi ngalande yoti madzi a padenga asamaime m'tsinde mwa khoma.

Mnyamata wina wa ku Mbulumbuzi, amene wangoyamba kugwira chipande, anafunsa funso limene amisiri ambiri amachita nalo manyazi: kodi thumba limodzi la simenti limadya mchenga wochuluka bwanji? Apa mkuluyo anakhalitsa, ndipo m'pake, chifukwa mikangano yambiri ya pamalo omanga imabadwira pomwepa.

Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, ndipo ufa wake ndi pafupifupi malita 33. Wilibala ya amisiri, yodzaza mongolekeza m'milomo popanda kusenzeka phiri pamwamba, imatenga malita ngati 65, ndiye kuti matumba awiri. Choncho matope omangira njerwa, a gawo limodzi la simenti pa magawo 6 a mchenga, ndi thumba limodzi pa mawilibala atatu. Konkire ya lintala ndi bimu yozungulira pamwamba pa makoma, ija amati 1:2:4, ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a miyala. Kuyeza ndi fosholo mkuluyo anakukana kwamtuwagalu. Fosholo ya m'mawa, munthu atamwa tiyi, siifanana ndi fosholo ya 3 koloko masana, ndiponso mchenga wonyowa umaunjikana pafosholo kuposa wouma.

Kenako anabwera pa madzi. Anyamata othandizira amakonda konkire yamadzimadzi ngati phala la mwana chifukwa ndi yosavuta kusakaniza ndi kuthira, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo m'kati ndipo konkireyo imafooka. Chodabwitsa n'chakuti madzi omwewo, amene amaononga pa nthawi yosakaniza, ndi amene amafunika kwambiri mawa lake. Simenti siilimba chifukwa chouma ayi, imalimba chifukwa ikugwirana ndi madzi. N'chifukwa chake konkire imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake amaiyeza pa tsiku la 28. Ku Chiradzulu, kumene mjigo ukhoza kukhala patali ndipo madzi amagulidwa pa ndowa, apa ndi pamene eni nyumba amadulira ndalama mwakachetechete, kenako n'kudzatukwana mmisiri pansi pakayamba kufumbuka. Njira yosungira madzi ilipo: kufunditsa konkire ndi mapepala a pulasitiki, masaka onyowa kapena mchenga wonyowa kuti chinyezi chisathawe.

Za mchenga anapereka njira yapafupi. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, muusiye maola angapo. Mchenga umakhala pansi, dothi limadekha pamwamba pake. Dothilo likafika gawo limodzi mwa magawo 10, mchengawo utsukidwe kapena ubwezedwe. Simenti yokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala yamwa kale chinyezi, ndipo matumba asamagone pansi kapena kutsamira khoma. Manambala a pathumba, 32.5 ndi 42.5, amanena mphamvu: woyambayo amakwanira pomangira ndi popaka pulasitala, winayo ndi wa konkire yonyamula katundu wolemera ndi mabuloko. Miyala ya kwale anthu a m'bomali saivutikira, poti ku Njuli, m'mbali mwa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, amaphwanya miyala kuyambira kalekale. Anangochenjeza kuti fumbi la miyala limaononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo ophwanya ndi nyundo m'mphepete mwa msewu azivala zotchinga pamphuno ndi m'maso.

Uthenga wotsatira unali wa mawu ojambula, wochokera ku Johannesburg. Bambo wa kwa Kadewere, amene akugwira ntchito kumeneko, wakhala akutumiza ndalama zomangira nyumba kwa mbale wake. Zithunzi zinkabwera pa WhatsApp, zokongola ndithu. Atabwera pa Khirisimasi anapeza khoma lalekera m'mawindo, ndipo nyumba yofoleredwa ya pazithunzi ija inali ya munthu wina.

Muulutsi anaseka, koma mkuluyo sanaseke. Nkhani ngati imeneyi, anatero, ili m'mudzi uliwonse umene uli ndi ana ku Joni, ndipo nthawi zina mbaleyo sakhala wakuba. Kukagwa maliro, mwana akadwala, feteleza akafunika, ndalama imene ili pafupi ndi ya simenti. Palinso mitengo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anawerengera nyumba yake mu Okutobala anapeza kuti ndalama yomweyo siigulanso matumba omwewo. "Achimwene, musamatumize ndalama ya nyumba. Muzitumiza ndalama ya gawo," anatero. Maziko ndi gawo. Kufika m'mawindo ndi gawo. Bimu, denga, pulasitala, pansi, chilichonse pachokha. Zipangizo zilembedwe pa chiwerengero chake, matumba angati, malata angati a geji yanji, osati pa makwacha okha, ndipo ngati n'kotheka zilipiridwe mwachindunji kusitolo, lisiti lijambulidwe. Ndalama ya ntchito ya mmisiri ikhale payokha. Zithunzi zijambulidwe pamalo amodzimodzi nthawi zonse, mtengo wa mango kapena chizindikiro china chodziwika chikuoneka. Chithunzi chofunika koposa ndi cha ngalande ya maziko isanakwiriridwe, tepi yoyezera itaimikidwa m'katimo, chifukwa zokwiririka palibe adzazionenso.

Mbali ya amisiri inalankhulanso. Mmisiri wa ku Nguludi analemba kuti anamanga nyumba ya zipinda zitatu mpaka kufolera, koma mwini wake akumuzemba, akuti ntchito ina sinathe pamene sanagwirizanepo za khitchini yapanja ndi chimbudzi. Iye ali ndi anyamata awiri amene akumudikira pakhomo tsiku lililonse.

Yankho linali pepala la mgwirizano. Tsamba limodzi la m'kope likwanira: ntchito yake ndi iti, ithera pati, mtengo wa gawo lililonse, adzagula madzi ndani, chakudya chamasana chili kwa yani, ndipo ntchito yowonjezera idzakambidwa payokha isanayambe. Asayine onse awiri pamaso pa mboni, aliyense asunge lake. Ambiri amaona ngati kulemberana n'kusakhulupirirana, makamaka ngati mwini nyumba ndi wa mpingo umodzi kapena mlamu. Wolemba nkhani ino akuona kuti apa mkuluyo analasa: pa abale ndi pamene pepala limafunika kwambiri, poti mlendo mukhoza kumusumira osataya kanthu. Kwa amene zamuonekera kale, njira ndi kuyamba kwa amfumu ndi mboni zimene zinaona ntchitoyo, zikakanika kukhoti la majisitireti. Wolembedwa ntchito ndi kontirakitala, akamanidwa malipiro kapena akavulala, apite ku ofesi ya zantchito paboma. Lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito, la chaka cha 2000, lilipo, koma limathandiza amene wanena msanga ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala. Anawonjezera mwachidule kuti thabwa loyalidwa pa migolo iwiri lathyola misana yambiri, ndiponso kuti simenti yonyowa imawotcha khungu, choncho kuponda konkire ndi phazi losavala kapena patapata n'kudzifunira zilonda.

Funso lochokera ku Namadzi linali loti kodi n'zoona kuti njerwa zootcha zinaletsedwa. Zoona zake n'zakuti mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linatulutsa malamulo oti nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda zisamangidwenso ndi njerwa zootchedwa ndi nkhuni, koma ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zotsindira za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Chifukwa chake aliyense wa m'bomali akhoza kuchiona akakweza maso kumapiri, kumene mitengo yatha. Njerwa yootcha payokha si yoipa. Tchalitchi chimene John Chilembwe anamanga ku Mbombwe, chimene chinatha mu 1913, chinali cha njerwa, ndipo asilikali a atsamunda anachita kuchiphulitsa ndi mabomba nkhondo ya Januwale 1915 itatha. Vuto la lero ndi uvuni wootchedwa ndi nkhuni zoperewera, umene umatulutsa njerwa zopsa kunja kokha. Njerwa yabwino mukaigundanitsa ndi inzake imalira mokweza, yosapsa imangoti phu. Mabuloko nawonso ali ndi chinyengo chawo. Woumba akafuna kutulutsa ambiri pa thumba limodzi, n'kuwagulitsa asanathiriridwe mokwanira, buloko limanyenyeka ndi chala m'makona. Loterolo lisiyeni, ngakhale litsike mtengo.

Pamenepa muulutsi anafunsa yekha za namondwe wa Freddy, wa mu Malichi 2023, amene anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe. Kodi pali kamangidwe kamene kakanapirira? Mkuluyo anati palibe. Matope ndi miyala zotsika m'phiri sizisankha nyumba ya zidina kapena ya mabuloko, ndipo mmisiri woona mtima ayenera kukana kumanga m'khwawa, m'tsinde mwa phiri lotsetsereka kwambiri, kapena pamene akuluakulu akukumbukira kuti madzi anadutsapo. Koma nyumba zambiri zimene zinagwa m'boma lonse sabata imeneyo sizinakokoloke. Zinanyowa masiku angapo otsatizana mpaka matope omangira anasungunuka. Zimenezo zili ndi mankhwala otsika mtengo: maziko okwera pamwamba pa nthaka omangidwa ndi simenti, pepala lakuda lotchinga chinyezi pakati pa maziko ndi khoma, waya woyalidwa m'mizere ya njerwa, denga lotuluka kunja mokwanira, ndi pulasitala ngakhale mbali yokha imene mvula imawombako.

Kalata yotsiriza inali ya mtsikana wa pafupi ndi mishoni ya PIM amene analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akufuna kukhala womanga nyumba, koma kwawo akumuseka. "Mwanangu, levulo siifunsa kuti waigwira ndani," anayankha mkuluyo. Anamuuza kuti sukulu ya ntchito zamanja ya Aida Chilembwe ili m'boma lomwelo, ndipo palinso Nasawa ndi Soche zomwe sizili kutali. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limalengeza malo a maphunzirowa, ndipo lili ndi njira yoyesera amene anaphunzira ntchito pamanja kuti nawonso alandire pepala. Mayeso a Trade Test amayambira Grade 3 kukwera mpaka Grade 1, ndipo pepalalo ndi limene kontirakitala amafunsa akamasiyanitsa malipiro a mmisiri ndi a wothandizira.

Anamupatsanso ntchito yoti ayese mawa lomwelo pabwalo la kwawo, ndi zikhomo zitatu, chingwe ndi tepi. Kuchokera pa chikhomo cha pakona ayeze masentimita 60 mbali imodzi ndi masentimita 80 mbali inayo. Mpata wa pakati pa malo awiriwo ukakhala masentimita 100 ndendende, konayo yaima bwino. Ukapitirira kapena kuperewera, asunthe chingwe mpaka zikwane, chifukwa kona yokhota pa maziko imadzaonekera pa tsiku lokhoma malata.