Malamulo a Chipatala Anasintha: Zimene Banja Lanu Liyenera Kudziwa Kuno ku London

Pamene bungwe la NHS linkayamba ntchito pa 5 July 1948, mfundo yake yaikulu inali yakuti wodwala alandire chithandizo popanda kufunsidwa ndalama pakhomo la chipatala. Mfundoyi idakalipo, koma kuyambira mu 2015 boma lakhala likusintha malamulo okhudza anthu ochokera kunja. Chifukwa cha mphekesera zokhudza kusinthaku, mabanja ena amabisa matenda m'nyumba poopa ngongole, pamene chithandizo chimene akuchithawacho n'chaulere. Phunziro lino likufotokoza chithandizo chaulere kwa aliyense, chithandizo cholipiritsa, ndi zoyenera kuchita kalata ya ngongole ikafika. Malamulowa ndi a ku England. Ku Scotland ndi ku Wales ali ndi awoawo.

Kodi chinasintha n'chiyani?

Choyamba, mu April 2015 boma linakhazikitsa ndalama ya zaumoyo yotchedwa Immigration Health Surcharge, imene munthu amalipira pofunsira viza yopitirira miyezi 6. Inayambira pa £200 pachaka, inafika pa £400 mu 2019, pa £624 mu 2020, ndipo kuyambira pa 6 February 2024 ndi £1,035 kwa wamkulu ndi £776 kwa wophunzira kapena mwana wosakwana zaka 18. Motero bambo, mayi ndi ana awiri ofunsira viza ya zaka zitatu amalipira £10,866 nthawi imodzi. Akatero amathandizidwa m'chipatala mofanana ndi nzika. Amene ali pa viza ya Health and Care Worker, pamodzi ndi a m'banja lawo amene ali pa vizayo, salipira ndalamayi.

Chachiwiri, m'chaka chomwecho cha 2015 zipatala zinalamulidwa kulipiritsa alendo ochokera kumaiko monga Malawi ndi Zambia mtengo wa chithandizo n'kuwonjezerapo theka lake. Chithandizo cha £2,000 chimakhala £3,000.

Chachitatu, kuyambira mu October 2017, munthu woyenera kulipira amapereka ndalama zonse asanalandire chithandizo, ngati matenda ake angathe kudikira.

Kodi ndani amalipira kuchipatala chachikulu?

Kuno ufulu wa chithandizo chaulere suchokera pa mtundu wa pasipoti kapena pa msonkho umene munthu analipira. Umachokera pa kukhala m'dziko muno mokhazikika ndiponso movomerezeka. Amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale salipira. Othawa kwawo ovomerezedwa, amene pempho lawo la chitetezo likuunikidwabe, ana osungidwa ndi khonsolo, ndi anthu amene boma lawazindikira kuti anazembetsedwa kapena kugwiritsidwa ntchito yaukapolo, onsewa salipiranso.

Olipira kwenikweni ndi magulu awiri: alendo obwera pa viza ya miyezi 6 kapena yocheperapo, ndi anthu amene viza yawo inatha kapena alibe mapepala.

Chithandizo chaulere kwa munthu aliyense

Apa ndi pamene pagona phunziro lino. Kaya muli ndi mapepala kaya mulibe, simulipira pa zinthu izi.

Kulembetsa ndi kuonana ndi dokotala wa m'dera, amene kuno amatchedwa GP, kuphatikizapo katemera wa ana. Simukakamizidwa kuonetsa pasipoti, viza, kapena kalata yotsimikizira kumene mukukhala. Akakukanani, ayenera kukupatsani chifukwa chake molemba pasanathe masiku 14, ndipo kusowa mapepala si chifukwa chovomerezeka.

Chithandizo cha pangozi ku A&E. Koma dziwani malire ake: mukagonekedwa mu wodi, kapena mukaitanidwanso tsiku lina kukaonana ndi dokotala wa chipatalacho, kulipira kumayambira pamenepo kwa amene ali m'magulu olipira.

Kuyezetsa ndi kulandira mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, HIV, malungo, matenda opatsirana pogonana, ndi matenda ena opatsirana amene boma linawaika pa mndandanda. Boma linachita dala zimenezi, chifukwa wodwala TB akabisala, matendawo amafalikira kwa ana ake ndi kwa anthu okwera nawo basi.

Njira zakulera.

Chithandizo cha mavuto obwera chifukwa cha nkhanza za m'banja, kugwiriridwa, kuzunzidwa, kapena mdulidwe wa akazi, malinga ngati munthuyo sanabwere kuno n'cholinga chodzalandira chithandizocho.

Amayi oyembekezera

Chisamaliro chonse cha uchembere, kuyambira kusikelo mpaka pobereka ndi pambuyo pake, chimawerengedwa kuti n'chofunika nthawi yomweyo. Chipatala sichiloledwa kubweza mayi kapena kumuchedwetsa chifukwa alibe ndalama. Zoona, ngati ali m'gulu lolipira, kalata ya ngongole idzabwera pambuyo pake, ndipo kawirikawiri imakhala ya mapaundi masauzande angapo. Komabe ngongole imakambidwa, pamene kuthamanga kwa magazi kosadziwika kungathe kutenga moyo wa mayi ndi mwana usiku umodzi. Musalumphe sikelo. Bungwe la Maternity Action limapereka uphungu waulere pa nkhani zotere.

Lamulo lofanana nalo limagwira ntchito pa matenda alionse oopseza moyo. Amene amagamula ngati chithandizo chingadikire kapena ayi ndi dokotala, osati kalaliki wolandira ndalama.

Chitsanzo choti tiphunzirepo

Tiyerekeze kuti agogo abwera kuchokera ku Lilongwe pa viza ya alendo kudzathandiza mwana wawo amene wangochira kumene. Agogowo amamwa mankhwala a shuga, ndipo mankhwala atha. Banja likawalembetsa kwa GP, adzaonana ndi dokotala kwaulere ndi kulemberedwa mankhwala ena. Koma likazengereza mpaka agogo atakomoka n'kugonekedwa mu wodi, masiku onse ogonawo adzalipiridwa pa mtengo wowonjezera uja. Mantha amene anawaletsa kupita kwa GP ndi amene abala ngongoleyo. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno: gwiritsani ntchito chithandizo chimene muli nacho pafupi matenda asanakule. Ndipo poitana wachibale kudzacheza, muguliranitu inshuwalansi ya paulendo imene ikuvomereza matenda amene ali nawo kale.

Kalata ya ngongole ikafika

Musaibise m'kabati. Ngongole ya £500 kapena kuposerapo ikatha miyezi iwiri osalipiridwa, popanda mgwirizano wa kabwezedwe, chipatala chimadziwitsa ofesi yoona za olowa ndi otuluka ya Home Office, ndipo zimenezi zingachititse kuti pempho lanu la viza lidzakanidwe. Chitani izi.

Pitani mukaonane ndi mkulu woona za alendo pachipatalapo, wotchedwa Overseas Visitor Manager, mutatenga mapepala anu onse, chifukwa nthawi zina munthu amalipiritsidwa molakwika.

Pemphani ndondomeko yolipira pang'onopang'ono mogwirizana ndi zimene mumapeza, ndipo mgwirizanowo ulembedwe.

Ngati simukukhutira, kadandauleni ku ofesi ya PALS imene imapezeka m'zipatala za NHS. Mabungwe a Citizens Advice ndi Doctors of the World amathandizanso. Lachiwirili limathandiza makamaka anthu amene akanizidwa kulembetsa kwa GP.

Ndalama za mankhwala ndi womasulira

Ngakhale nzika zimalipira pogula mankhwala olembedwa ndi dokotala, pa mano ndi pa magalasi a maso. Ana osakwana zaka 16, akuluakulu a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndi amayi oyembekezera kapena amene anabereka m'miyezi 12 yapitayi salipira mankhwala; mayi apemphe chiphaso chake kwa mzamba. Amene amapeza zochepa alembe fomu ya HC1, imene imalandiridwa posayang'ana viza.

Mungathenso kupempha womasulira, ndipo simulipira. Nenani msanga pokonza tsiku loonana ndi dokotala kuti mukufuna wa Chichewa kapena Chinyanja. Si bwino kusenzetsa mwana udindo womasulira matenda a kholo lake.

Matenda akakupezani usiku ndipo simukudziwa kolowera, imbani 111. Moyo ukakhala pangozi, imbani 999. Manambala onse awiri ndi aulere.

Mafunso okambirana pabanja

1. Kodi aliyense m'nyumba muno, ngakhale mlendo, analembetsa kwa GP?

2. Kodi viza ya aliyense ikutha liti, ndipo ndalama ya zaumoyo yofunika poiwonjezera tayamba kusunga?

3. Kodi pali kalata ya chipatala imene sitinaiyankhe?