Mwana Wanu Wapita Kunja: Akadwala, Adzalipira Ndani?

Amayi anzanga, Lamulungu lina titatuluka m'Misa yoyamba, mayi wina anandikokera pambali foni ili m'manja. Mwana wawo wamkazi anali atatha miyezi isanu ndi itatu ku Johannesburg, ndipo anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi. Sikelo anali asanayambe, poopa kuti kuchipatala cha boma akamufunsa mapepala n'kumulipiritsa ndalama zambiri. Mwezi wa m'mbuyo mwake, iye ndi mwamuna wake anadzimana n'kulowa bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, limene kumeneko amalitcha medical aid. Atawerenga bwino kalata imene bungwelo linawatumizira, anapeza kuti pa pathupi pamenepo silidzalipirapo kanthu. Mayiwo anandifunsa kuti, "Anamwino, ndiye kuti ndalama zija zalowa m'madzi?"

Ndalamazo sizinalowe m'madzi. Vuto linali loti mwanayo analowa mochedwa, komanso sankadziwa kuti pali thandizo laulere limene lamulo limamupatsa. Ambiri mwa ife tili ndi ana ku Joni kapena ku Britain. Ponyamuka timawafunsa za ntchito, za nyumba ndi za tchalitchi kokapemphera, koma za amene adzawalipirire akadwala sitifunsa. Phunziro la lero likuti funso limeneli lifunsidwe munthu asanadwale ndiponso asanatenge pathupi, makamaka m'mwezi woyamba atangofika.

Inshuwalansi ya zaumoyo n'chiyani?

Taganizirani thumba la zadzidzidzi la ku banki m'khonde. Aliyense amaponyamo kangachepe pa msonkhano uliwonse, ndipo amene wagwa m'vuto amathandizidwa kuchokera m'menemo. Inshuwalansi ya zaumoyo imayenda chimodzimodzi. Anthu ambiri amasonkha mwezi ndi mwezi akadali bwino, ndipo bungwe limalipirira kuchipatala amene wadwala. Kuno kwathu ena mumadziwa MASM. Munthu akatha chaka osadwala, ndalama zake sizibwerera, chifukwa zathandiza anzake.

Tsono mukudziwa kuti pagulu lathu sitingalole munthu kulowa lero n'kutapa m'thumba mawa. Mabungwe a inshuwalansi nawo salola zimenezo. N'chifukwa chake amaika nthawi yodikira, ndipo apa m'pamene mwana wa mayi aja anakodwa.

Ku South Africa: thandizo limene silifuna inshuwalansi

Ana athu ambiri a ku Joni amagwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa ndi za m'mashopu, ndipo malipiro awo sangakwanire medical aid. Choyamba adziwe zimene angapeze kuchipatala cha boma.

Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo pa vuto ladzidzidzi. Lamulo la zaumoyo la mu 2003 limati amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, amene sali pa medical aid, athandizidwe kwaulere m'zipatala za boma. Mu Epulo 2023 khothi lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti ufulu umenewu ndi wa mayi ndi mwana aliyense, posayang'ana dziko limene wachokera kapena mapepala amene ali nawo. Kumakiliniki a boma chithandizo choyambirira n'chaulere, kuphatikizapo mankhwala a TB ndi ma ARV. Kuchipatala chachikulu, odwala ena kawirikawiri amalipira, ndipo mtengo wake umatengera zimene munthu amapeza komanso mtundu wa mapepala ake.

Zolembedwa m'lamulo ndi zochitika pachipata nthawi zina zimasiyana. Pakhala magulu a anthu oima pamakiliniki ena n'kumabweza alendo. Magulu amenewo alibe mphamvu ya lamulo yochitira zimenezo. Mwana wanu akabwezedwa asangokhala kunyumba. Apite ndi mnzake, ayese kiliniki ina, ndipo awauze bambo mfumu a parishi imene amapempherako. Mpingo wathu uli ndi mabungwe othandiza alendo, monga Jesuit Refugee Service ku Johannesburg ndi Scalabrini Centre ku Cape Town.

Kulowa medical aid

Amene ali pantchito ya malipiro okhazikika angathe kulowa medical aid, ndipo ophunzira amafunika kukhala nayo kuti apatsidwe viza ya sukulu. Kawirikawiri bungwe limafuna pasipoti, chilolezo chokhalira m'dzikomo ndi akaunti ya kubanki. Mabungwe amenewa amayendera lamulo la mu 1998, ndipo pali mfundo zisanu zoti muwauze ana anu.

Yoyamba, bungwe lolandira anthu onse silingakane munthu chifukwa cha msinkhu kapena matenda ake, koma lingamuike pa nthawi yodikira ya miyezi itatu. Pa miyezi imeneyi amasonkha koma osalipiriridwa.

Yachiwiri, pa vuto limene munthu walowa nalo kale, monga shuga, kuthamanga kwa magazi kapena pathupi, nthawi yodikira ingafike miyezi 12. Banja lofuna kuti mayi akachirire kuchipatala cholipira lilowe pathupi pasanabwere.

Yachitatu, wolowa koyamba ali ndi zaka 35 kapena kuposerapo angamuwonjezere ndalama ya chilango pa zosonkha za mwezi uliwonse. Chilangocho chimayambira pa 5 peresenti mpaka 75 peresenti, kutengera zaka zimene wakhala wopanda medical aid. Zaka zimene anasonkha ku bungwe la kunja kwa South Africa siziwerengedwa.

Yachinayi, polemba fomu asabise matenda. Bungwe likadzatulukira, lingamuchotse pa nthawi imene akulifuna kwambiri.

Yachisanu, khanda lilembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire, kuti lisaikidwe pa nthawi yodikira.

Achenjerenso ndi mapulani otchipa amene amangopereka kandalama pa tsiku lililonse limene munthu wagona m'chipatala. Amenewo si medical aid, ndipo sangalipire opaleshoni. Bungwe lenileni limakhala lolembetsedwa ku Council for Medical Schemes, ndipo kumeneko n'kumenenso munthu amakadandaula bungwe likamulakwira. Safunsa anadya phula: asanasaine, afunse kuti nthawi yodikira ndi yotalika bwanji, zipatala zololedwa ndi ziti, ndipo n'chiyani chimene bungwelo sililipira.

Ku Britain

Ku Britain zinthu zimayenda mosiyana. Anthu ambiri amathandizidwa ndi zipatala za boma za NHS. Mlendo wopempha viza yopitirira miyezi isanu ndi umodzi amalipiriratu ndalama yotchedwa Immigration Health Surcharge pamodzi ndi viza. Kuyambira mu Febuluwale 2024 ndalamayi ndi £1,035 pa chaka kwa wamkulu, ndi £776 pa chaka kwa wophunzira kapena mwana wosakwana zaka 18. Imalipidwa yonse nthawi imodzi, kotero kuti wamkulu wa viza ya zaka zitatu amalipira £3,105. Anamwino, madokotala ndi ena olowa pa viza ya Health and Care Worker salipira ndalamayi. Wina akauza mwana wanu wa viza imeneyi kuti atumize ndalama ya inshuwalansi ya NHS, adziwe kuti akufuna kumubera.

Akafika, sabata yoyamba yomweyo akalembetse kwa GP, amene ndi dokotala wa m'dera limene akukhala. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo ku England malangizo a NHS amati munthu asakanizidwe chifukwa chosowa chiphaso kapena umboni wa kumene akukhala. GP ndiye khomo, chifukwa ndi amene amalemba mankhwala a nthawi yaitali ndi kutumiza wodwala kwa madokotala aakulu. Ku England mankhwala olembedwa ndi dokotala amalipiridwa pang'ono, mano ndi maso chimodzimodzi. Mayi woyembekezera akatenga chikalata chake kudzera kwa mzamba salipira mankhwala ndi chithandizo cha mano mpaka mwana atakwanitsa chaka. Pa vuto loopsa aimbe 999, ndipo pofuna malangizo a msanga aimbe 111.

Inu amene mukupita kukaona mdzukulu

Mfundo iyi ikukhudza inuyo. Ana akatiitana ku Britain kuti tikaone khanda, timapita pa viza ya alendo ocheza ya miyezi isanu ndi umodzi. Viza imeneyi siitipatsa chithandizo chonse cha NHS. Ku England kuonana ndi GP ndi kuthandizidwa kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi n'kwaulere, koma akakugonekani m'wodi mudzalipira 150 peresenti ya mtengo wa NHS. Ngongole ya £500 kapena kuposerapo ikakhala miyezi iwiri osalipidwa, chipatala chimadziwitsa a zolowa ndi kutuluka, ndipo viza yanu yotsatira ingakanidwe.

Choncho musakwere ndege opanda inshuwalansi ya paulendo yokwanira masiku onse amene mukakhale. Pogula nenani poyera ngati muli ndi BP kapena shuga. Mtengo ungakwere, koma mukabisa sadzakulipirirani. Funsaninso ngati ikuphatikizapo kukubwezani kumudzi mutadwala kwambiri kapena mutamwalira.

Zoti anyamule ponyamuka

Kaya akupita ku Joni kapena ku Britain, mwana wanu anyamule buku lake la kuchipatala ndi makadi a katemera a ana. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a khunyu, a shuga kapena a BP akauze a kuchipatala kuti akusamuka. Amulembere kalata yosamukira yosonyeza maina a mankhwala, ndi kumupatsa okwanira kufikira atalembetsa kumene akupita. Mapepala onsewa awajambule pafoni, chifukwa chikwama chimatha kusowa panjira. Woyembekezera ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, kulikonse kumene ali, ali ndi inshuwalansi kapena alibe.

Nkhani ya maliro sitikonda kuikamba, koma tonse taonapo banja likugulitsa munda kuti thupi libwere kuchokera ku Joni. Medical aid siilipira zimenezo. Limbikitsani ana anu kulowa gulu la Amalawi losonkherana za maliro, kapena kugula inshuwalansi ya maliro yonena momveka kuti idzanyamula thupi kufika ku Malawi.

Udindo wathu

Banja Loyera linakhalapo alendo ku Ejipito (Mateyo 2:13-15), choncho mavuto a mlendo ndi odziwika kwa Ambuye ndi kwa Amayi Maria. Pa Luka 10:35, Msamariya uja atamanga mabala a munthu wovulala, anasiyanso ndalama kwa mwini nyumba ya alendo ndi kulonjeza kudzalipira zotsala. Anaganizira za bilu ya mawa. Ifenso, amene timalandira ndalama kuchokera kwa ana athu, tidzifunse ngati zopempha zathu zikuwasiyira kanthu kodzitetezera. Mwana wotumiza zonse kumudzi akagona m'chipatala, ndi ife tomwe tidzayambe kukongola. Kumuuza kuti, "Mwezi uno chepetsako zotumiza, uyambe walipira za umoyo wako," ndi chikondi cha kholo.

Mwana wa mayi aja anapita kukiliniki ya boma sabata yotsatira. Anamupeza ndi BP yokwera, imene pa mayi woyembekezera ingabweretse kukomoka ndi kuika pa chiswe moyo wa mayi ndi wa mwana. Anamuyamba mankhwala, anamuyang'anira, ndipo anachira bwino. Medical aid ija sanaisiye, ndipo khandalo analilembetsa masiku 30 asanathe.

Mafunso okambirana pagulu

1. Ndi angati mwa ife amene tili ndi mwana kapena m'bale kunja? Kodi tikudziwa kumene angapite atadwala usiku uno?

2. N'chiyani chimatilepheretsa kukamba ndi ana athu za matenda, za pathupi ndi za maliro asananyamuke?

3. Kodi gulu lathu lingathandize bwanji wachinyamata wa m'mphakati mwathu amene akukonzekera ulendo?

Ntchito ya mwezi uno: aliyense aimbire mwana kapena m'bale wake wa kunja, amufunse ngati analembetsa kukiliniki kapena kwa GP, ngati ali ndi inshuwalansi, ndi tsiku limene nthawi yake yodikira idzathe. Pa msonkhano wotsatira tidzauzane zimene tapeza.